Aphunzitsi a Flames pa sikelo: opambana koposa, ogonja koposa ndi ochotsedwa msanga

Mu Januwale 2013, bungwe loyendetsa mpira wamiyendo m'dziko muno la FAM linachotsa ntchito anthu atatu a pa benchi ya Flames nthawi imodzi. Woyamba anali Kinnah Phiri, yemwe mpaka lero palibe Mmalawi anamuposa pomwetsera zigoli timu ya dziko: zigoli 71 m'masewero 117. Wachiwiri anali Young Chimodzi, amene anavala yunifomu ya Flames kambiri kuposa wina aliyense, ka 159. Wachitatu anali Jack Chamangwana, kaputeni wakale yemwe anasewera komanso kuphunzitsa Kaizer Chiefs ku South Africa. Mlandu wawo unali woti timu yalephera kupita ku mpikisano wa mayiko a mu Africa kawiri kotsatizana. Ulendo wa 2012 unathera ku N'Djamena mu Okutobala 2011, pomwe Chad inabweza chigoli m'mphindi zomaliza masewero n'kutha 2-2. Wa 2013 unatsekedwa ndi Ghana, yomwe inatigonjetsa kwawo ndi kwathu komwe.

Kuno kwa Msakambewa, Flames ikagonja, mlandu umazengedwa pamsika wa pa Dowa boma, m'zigafa za fodya, ngakhale pa kabaza wokwera chitunda cha ku Kongwe, ndipo chigamulo chimakhala chimodzi: kochi achoke. Akulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo ine sindikutsutsa. Munthu wolandira malipiro kuti timu izipambana ayenera kuyankhapo ikamagonja. Chomwe ndikukana n'kumuweruza ndi mkwiyo wa madzulo amodzi. M'kaundula wa mpira wathu, ndi wa masewero ena kunja, muli ziwerengero zazikulu koposa ndi zazing'ono koposa zomwe zimaonetsa pomwe dzanja la mphunzitsi limaonekadi, ndi pomwe timangomusenzetsa katundu wa eni ake.

Kukwapulidwa kwakukulu

Pa 15 Okutobala 1962, dziko lino likadali Nyasaland, Ghana inatithira zigoli 12 kwa duu. Sitinagonjeponso chotere. Ghana imeneyo inali ya Kwame Nkrumah, amene ankaona mpira ngati nkhope ya Africa yodzilamulira ndipo ankaikamo ndalama za boma. Chaka chotsatira inatenga chikho cha Africa, n'kuchitetezanso mu 1965. Ife nthawi imeneyo Super League kunalibe. Inadzayamba mu 1986. Chimodzimodzi mu Malichi 2005 pomwe Tunisia inatikwapula 7-0: inali itangotenga chikho cha Africa chaka chathacho. Zigoli zikachuluka chonchi, kawirikawiri zimakhala zikufotokoza kutalikirana kwa mayiko awiri, osati nzeru za munthu wokhala pa benchi.

Pali mlandu umodzi wokha womwe palibe angauteteze. Pa 31 Okutobala 2002 ku Madagascar, AS Adema inagonjetsa SO l'Emyrne 149-0, ndipo padziko lonse palibe masewero ena anathapo chotere. Osewera a timu yogonjayo ankati akayambitsa mpira pakati, n'kutembenuka kukadzichinya okha, mphindi 90 zonse, posonyeza kukwiya ndi oyimbira. Mphunzitsi wawo analetsedwa kuchita za mpira kwa zaka zitatu, ndipo chinali chilango choyenera.

Kusintha kofulumira koposa

Flames inatsikitsitsa pa mndandanda wa FIFA kumapeto kwa 2007, pomwe inafika pa nambala 138. (Pomwe inakwerapo kwambiri ndi pa nambala 53, mu Disembala 1992.) Mphunzitsi anali Stephen Constantine wa ku England, yemwe anabwera mu 2007 n'kutula pansi udindo mu Epulo 2008. Mpando unapita kwa Kinnah Phiri.

Zomwe zinatsatira n'zosaiwalika. Pa 31 Meyi 2008, pa Kamuzu Stadium, Flames inathambitsa Djibouti 8-1, kufanana ndi kupambana kwakukulu koposa kwa timuyi komwe kunachitika mu 1968 polimbana ndi Botswana. Wina anganene kuti Djibouti ndi timu yofooka, ndipo sananame. Koma patangotha masabata awiri, pabwalo lomwelo, Egypt, yomwe inali ndi chikho cha Africa m'manja, inagwa 1-0 ndi chigoli cha Chiukepo Msowoya chakumapeto. Mu Okutobala DR Congo inagwanso 2-1. Chaka chotsatira Côte d'Ivoire ya Didier Drogba inangopulumuka ndi 1-1 mu Blantyre. Ndipo pa 11 Januwale 2010 ku Luanda, Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda anachinya Algeria 3-0, timu yomwe inali paulendo wa ku World Cup. Uku kunali kupambana koyamba kwa Malawi mumpikisano wa Africa, ndipo sitinapambanekonso ndi zigoli zambiri chotere.

Apa ndi pomwe ndimati dzanja la mphunzitsi limaoneka poyera, chifukwa osewera ambiri anali omwewo, bwalo lomwelo, umphawi wa bungwe womwewo. Kinnah ankawadziwa anyamata akewo. Peter Mponda, Fischer Kondowe, Swadick Sanudi ndi Robert Ng'ambi anali nawo ku Bakili Bullets mu 2004, pomwe timuyo inadutsa Orlando Pirates n'kufika m'ndime ya magulu ya CAF Champions League, zomwe kalabu ina iliyonse ya kuno sinachitepo. Ankadziwa woti amukalipire ndi woti amunong'oneze. Koma izi sizitanthauza kuti Constantine anali mbuli ya mpira: patapita zaka anatengera India ku mpikisano wa mayiko a ku Asia wa 2019. Kuno sizinamuyendere, ndipo kusintha kunali koyenera.

Zikho zambiri

Palibe mphunzitsi anapatsa Flames zikho zazikulu kuposa Ted Powell wa ku England. Mu 1978 Malawi inatenga chikho cha mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa itagonjetsa Zambia 3-2 kuno kwathu, ndipo mu 1979 inakachiteteza ku Nairobi pogonjetsa eni bwalo, Kenya, 3-2. Powell anakhala ndi timuyi kuyambira 1977 mpaka 1983. Luso lake lenileni linali kuumba achinyamata: atabwerera kwawo, anatenga chikho cha ku Ulaya mu 1993 ndi timu ya England ya anyamata osapitirira zaka 18, momwe munali Paul Scholes, Robbie Fowler ndi Sol Campbell. Anapatsidwa zaka zisanu ndi chimodzi, nthawi yomwe aphunzitsi ambiri a Flames m'mbuyo mwake sanaione. Womutsatira pa zikho ndi Mmalawi, Reuben Malola, yemwe anabweretsa mendulo ya nambala yachitatu kuchokera ku All-Africa Games ku Nairobi mu 1987 atagonjetsa Cameroon, n'kutenganso chikho cha m'chigawo chino mu 1988.

Kupambana kochepa koposa

Ronny Van Geneugden wa ku Belgium, yemwe aliyense ankangomuti RVG, anakhala zaka ziwiri zathunthu, kuyambira Epulo 2017 mpaka Epulo 2019. Pa masewero oposa 20 anapambana awiri okha, Comoros ndi Togo. Kwa anthu a ku Dowa ndi ku Ntchisi nthawi imeneyi inali yowawa mwapadera, chifukwa Bingu National Stadium inali itangotsegulidwa kumene mu Januwale 2017. Munthu akanatha kukwera minibasi m'mawa, kudzera pa Lumbadzi, kuonera timu ya dziko ndi maso ake, n'kudzagona kwawo. Ambiri amene anayesa anaona mpira wopatsirana bwino pakati pabwalo koma wosafika muukonde.

Pomuweruza RVG tiyenera kunena zonse. Mwezi umodzi asanabwere, FAM inali italengeza kuti ikuchotsa timu m'mipikisano chifukwa chosowa ndalama, kenako n'kusintha maganizo. Anapeza nyumba yotere. Analepherana ndi Cameroon komanso Morocco 0-0 mu Blantyre, ndipo anapatsa mwayi achinyamata angapo omwe pambuyo pake anathandiza timu. Komabe zaka ziwiri n'zokwanira kuti munthu aonetse ngati vuto losagoletsa akulipezera mankhwala, ndipo sanalipezere. Funso lomwe limandivuta ndi lina: ndi mphunzitsi uti wa kuno akanapatsidwa masewero oposa 20 akupambana awiri?

Wokhalitsa pang'ono, ndi amene anagonja ndi anthu otsika basi

Tom Saintfiet, wa ku Belgium nayenso, anabwera mu Julayi 2013 atadzipereka kugwira ntchito popanda malipiro a pamwezi, ndi cholinga chimodzi: kukagonjetsa Nigeria paulendo wa ku World Cup. Pa 7 Sepitembala ku Calabar Flames inagonja 2-0, iye n'kunyamuka. Miyezi iwiri. Padziko lonse pali anakhala kanthawi kochepa kuposa apa: mu 2007 Leroy Rosenior anasankhidwa kukhala mphunzitsi wa Torquay United ku England, ndipo akuti patangotha mphindi 10 anauzidwa kuti kalabu yagulitsidwa ndipo eni atsopano akufuna wawo. Saintfiet yemweyo, Gambia itamupatsa zaka zingapo, anaifikitsa m'ndime ya matimu asanu ndi atatu mumpikisano wa Africa ku Cameroon, ulendo wake woyamba dzikolo kupitako. Miyezi iwiri yathu ija sinatiuze kanthu za iye.

Kugonja komwe anthu sakukhululukabe ndi kwa pa 13 Juni 2015. Osewera a Zimbabwe anali atanyanyala kukwera ndege chifukwa cha ndalama zawo. Mkangano utatha anayenda pa basi usiku wonse, kudzera ku Tete ndi ku Mwanza, n'kufika mu Blantyre patsiku la masewero lomwelo. Anatigonjetsa 2-1 pa Kamuzu Stadium. Young Chimodzi, yemwe anali atabwezeredwa ngati mphunzitsi wamkulu mu 2014, anachoka patangopita masiku ochepa, ngakhale kuti miyezi ingapo m'mbuyomo anali atagonjetsa Mali 2-0. Pamenepa ndikuvomereza kuti benchi inalephera: timu yopuma bwino ikamagonja ndi anthu osagona, ndiye kuti penapake pakukonzekera ndi pakusintha osewera panalakwika. Mphunzitsi wa Zimbabwe tsiku limenelo anali Kalisto Pasuwa.

Nkhani yobwerezeka koposa

Malawi yapita ku mpikisano wa mayiko a mu Africa katatu kokha: 1984, 2010 ndi 2021. Katatu konseko amene anadutsitsa timu anali Mmalawi: Henry Moyo, Kinnah Phiri ndi Meke Mwase. Kawiri mwa katatuko, mpikisano weniweni usanayambe, pamwamba pa Mmalawiyo panaikidwa mlendo. Mu 1984 ku Côte d'Ivoire timu inapita ndi Danny McLennan wa ku Scotland. Inagonja ndi Algeria ndi Ghana, n'kulepherana ndi Nigeria 2-2.

Za Mwase n'zaposachedwa ndipo ambiri tikuzikumbuka bwino. Pa 29 Malichi 2021 Richard Mbulu anachinya Uganda pa Kamuzu Stadium, timu n'kupeza malo ku Cameroon. Kenako kunabwera masewero a ulendo wa ku World Cup, ndipo Flames inagonja asanu mwa asanu ndi amodzi. Anthu anayamba kufuula kuti Mwase watha nzeru. Ochepa ndi amene ankatchula kuti m'gulu limenelo munali Cameroon ndi Côte d'Ivoire, komanso kuti palibe ngakhale masewero amodzi omwe anaseweredwa pa nthaka ya Malawi. Mabwalo athu anali atakanidwa ndi CAF, ndipo masewero a kwathu tinkakasewerera ku Orlando Stadium ku Johannesburg. Bwalo silikonzedwa ndi mphunzitsi.

Mu Disembala 2021 FAM inaika Mario Marinica wa ku Romania kukhala mkulu wa gulu la aphunzitsi, Mwase n'kutsitsidwa. Kwathu timati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo mawuwa timawakhulupirira mopyola muyeso. Ku Cameroon Marinica anapezeka ndi Covid-19, moti pa masewero awiri oyambirira ku Bafoussam amene anaima m'mphepete mwa bwalo anali Mwase. Anagonja 1-0 ndi Guinea ali ndi benchi yoperewera chifukwa cha matendawo, kenako anagonjetsa Zimbabwe 2-1 ndi zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango. Marinica atabwerera timu inalepherana ndi Senegal 0-0, n'kulowa m'ndime ya matimu 16 kwa nthawi yoyamba m'mbiri. Pa 25 Januwale 2022 ku Yaoundé Mhango anawombera mpira kuchokera kutali kwambiri n'kuchinya Morocco, koma Morocco inapambana 2-1 Achraf Hakimi atachinya chigoli chachiwiri ndi firikiki.

Ulemu wa ulendo wapamwamba koposawu ndi wa ndani? Ndi wa onse awiri. Marinica analimbitsa kumbuyo ndi kuonjezera liwiro, ndipo n'kulakwa kumumana zimenezo. Koma mapointi atatu okhawo omwe tinapeza popambana anabwera Mwase ali pa benchi, ndipo mu Epulo 2022 amene anachotsedwa ndi Mwase. Anakasuma ku khoti loona za apantchito, ndipo m'dandaulo lake munalinso nkhani yoti ankalandira ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi aphunzitsi ochokera kunja. Mu 2024 khotilo linagamula momukomera. Marinica nayenso sanakhalitse: anachoka mu Epulo 2023, Egypt ya Mohamed Salah itatithira 4-0 pa Bingu.

Komwe ziwerengero n'zambiri: baseball

Masewero a baseball sadziwika kwenikweni kwathu kuno. Amaseweredwa kwambiri ku United States, Japan, Cuba ndi Dominican Republic: wina amaponya kampira kolimba, mnzake amakamenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira malo anayi. Ndawabweretsa pano pa chifukwa chimodzi. Timu iliyonse ya ligi yaikulu ya ku America imasewera masewero 162 pachaka, chiwerengero chomwe Flames ingatenge zaka zoposa khumi kuti ikwanitse. Masewero akachuluka chonchi mwayi ndi tsoka zimafafanizana, ndipo zimaoneka bwino ngati kuchotsa mphunzitsi kumasinthadi kanthu.

Mu 1988 Baltimore Orioles inagonja masewero asanu ndi amodzi oyambirira, ndipo inachotsa mphunzitsi wamkulu Cal Ripken Sr., ana ake awiri akusewera m'timu momwemo. M'malo mwake munalowa Frank Robinson, yemwe anagonja ena 15 otsatizana. Kuyamba chaka ndi kugonja ka 21 sikunachitikenso m'ligi imeneyi. Eni timu sanamuchotse Robinson, ndipo chaka chotsatira timu inapambana masewero 87, iye n'kusankhidwa kukhala mphunzitsi wopambana wa chakacho. Mu 2024 Chicago White Sox inagonja masewero 121, kuposa timu ina iliyonse chiyambire 1900. Pedro Grifol anachotsedwa mu Ogasiti pamodzi ndi omuthandiza atatu, atapambana 28 n'kugonja 89. Wogwirizira mpando, Grady Sizemore, anapambana 13 n'kugonja 32. Kusiyana kunalipo, koma kochepa kwambiri, chifukwa vuto linali osewera omwe akuluakulu a timu anasonkhanitsa.

Chitsanzo chachikulu koposa ndi Casey Stengel. Ndi New York Yankees anatenga chikho cha World Series kasanu ndi kawiri, kasanu kotsatizana kuyambira 1949 mpaka 1953, zomwe palibe wina anachitapo. Mu 1962 anapatsidwa timu yatsopano ya New York Mets, yodzaza ndi osewera omwe matimu ena anawasiya. Anapambana 40 n'kugonja 120. Munthu mmodzi yemweyo ali m'kaundula wa opambana koposa ndi wa ogonja koposa. Kuno ku Dowa sitiweruza mlimi ndi belo lokha lomwe lafika ku okushoni ku Kanengo tisanafunse ngati feteleza anamufikira mvula isanapite, ndipo mphunzitsi ayenera kufunsidwanso chimodzimodzi: anapeza chiyani, ndipo anapatsidwa chiyani?

Benchi yoiwalika

Tikamati kochi achoke timaiwala kuti pa benchi pamakhala anthu angapo: wachiwiri, wophunzitsa magoloboyi, wolimbitsa matupi, dotolo, ndi woonera makanema a adani. Aliyense ali ndi chizindikiro chake pabwalo. Timu ikamachinyidwa pa makona kawirikawiri, funsani amene amakonza za kumbuyo. Ikamafooka mphindi 20 zomaliza, funsani wolimbitsa matupi, ndiponso funsani kuti m'bindikiro inakhalamo masiku angati. Charles Thom, goloboyi wachinyamata yemwe anaimitsa Senegal ya Sadio Mané, sanagwe kuchokera kumwamba. Pali anthu anamukonza omwe mayina awo sitinawaimbire nyimbo.

Wachiwiri wotchuka koposa mu Africa ndi Emerse Faé. Mu Januwale 2024 Côte d'Ivoire, ikuchititsa mpikisano kwawo, inagonja 4-0 ndi Equatorial Guinea, ndipo Jean-Louis Gasset anachotsedwa mpikisano uli mkati. Faé, yemwe anali wothandiza chabe, anadutsa Senegal, Mali ndi DR Congo, n'kugonjetsa Nigeria 2-1 pa 11 Febuluwale n'kutenga chikho. Kumeneku ndiye kuchotsa mphunzitsi komwe kunapindula koposa, ndipo yankho linali litakhala pa benchi yomweyo nthawi yonseyi.

Kumidzi kuno benchi yonseyo imakhala munthu mmodzi. Pitani pabwalo la sukulu iliyonse m'mapiri muno Lamulungu masana. Bwalo lake ndi lotsetsereka, moti kaputeni wopambana poponya ndalama amasankha kuti adzatsike nalo chigawo chachiwiri. Mizere yake ndi ya phulusa, magolo ndi a mitengo ya bulugamu. Akochi amakhala mphunzitsi wa pulayimale kapena wosewera wakale yemwe bondo linamukana. Ndi iwo anagula mpira, ndi iwo anasonkhetsa ndalama ya lole, ndi iwo amathira madzi mwana akavulala. Nthawi yosoka fodya theka la osewera silibwera ku mapulakatisi. Timu ikatsalira ndi chigoli chimodzi mumamva kuchokera pachulu: "Akochi, m'chotseni nambala naini uyo, watopa!" Iwo akacheuka kumbuyo amapeza ana awiri, mmodzi alibe nsapato. Akagonja m'chikho cha aphungu, komiti imakumana pansi pa mtengo n'kusankha wina. Anthu amenewa ndiwo amaumba osewera omwe mawa adzavale yunifomu ya Flames, ndipo palibe amawawerengera zomwe anachita ndi zochepa zomwe anali nazo.

Okhalitsa koposa

Connie Mack anaphunzitsa Philadelphia Athletics zaka 50, kuyambira 1901 mpaka 1950, n'kupuma ali ndi zaka 87. Pa ntchito yake yonse anapambana masewero 3,731 n'kugonja 3,948, ndipo palibe anamuposa ku mbali zonse ziwirizi. Chomwe chinamukhalitsa n'choti analinso mwini wa timuyo. Atatenga zikho, ndalama zinamuvuta ndipo anagulitsa akatswiri ake chitatha chaka cha 1914. Timu inakhala kunsonga ya m'munsi zaka zisanu ndi ziwiri zotsatizana, koma panalibe womuchotsa, chifukwa wogulitsa osewera ndi wowaphunzitsa anali munthu mmodzi.

Kwathu amene anakhalitsa koposa sanali pa benchi. Walter Nyamilandu anatsogolera FAM zaka 19, kuyambira 2004 mpaka Disembala 2023 pomwe Fleetwood Haiya anamugonjetsa pachisankho. M'zaka zimenezi pa Flames panadutsa aphunzitsi oposa khumi: Burkhard Ziese, Constantine, Kinnah, Eddington Ng'onamo, Saintfiet, Chimodzi, Ernest Mtawali, RVG, Mwase, Marinica, Patrick Mabedi ndi ena ogwirizira. Chilungamo chake n'chakuti maulendo awiri mwa atatu a ku mpikisano wa Africa anachitika m'nthawi yake, ndipo zimenezo n'zake. Koma amene analemba ntchito aphunzitsi onsewa, n'kuwachotsa, ndi ofesi imodzi. Ngati ambiri a iwo anali olakwika, ndiye kuti kasankhidwe kanali kolakwika. Ngati sanali olakwika, ndiye kuti kachotsedwe kanali kolakwika.

Utsogoleri watsopano unayamba ndi njira yomweyo. Mabedi, yemwe mu 2023 anafikitsa timu m'ndime ya matimu anayi ya COSAFA, anachotsedwa mu Okutobala 2024 atagonja masewero anayi otsatizana: ndi Burundi pa Bingu, ndi Burkina Faso, ndi Senegal kawiri. Anamulowa m'malo ndi Pasuwa uja wa pa basi, yemwe m'chigawo chino ali ndi mbiri yosowa: ligi ya Zimbabwe kanayi kotsatizana ndi Dynamos kuyambira 2011 mpaka 2014, ndi ligi ya kuno kasanu kotsatizana ndi Bullets kuyambira 2018 mpaka 2023. Pa masewero ake awiri oyamba mu Novembala 2024 analepherana ndi Burundi 0-0 n'kugonjetsa Burkina Faso 3-0, ngakhale kuti Burkina Faso inali itadutsa kale ndipo ife tinali titatuluka kale. Kumayambiriro kwa 2025 anapatsidwa mpando wonse.

Tsiku lidzafika lomwe naye anthu adzamufuulire kuti achoke, chifukwa linawafikira Kinnah, Chimodzi ndi Mwase. Tsiku limenelo ndikufuna FAM idzaike poyera zinthu zomwe sitinazionepo pochotsa mphunzitsi: zomwe anagwirizana kuti akwaniritse, masiku omwe timu inakhala m'bindikiro asanasewere masewero aliwonse, masewero opimana mphamvu omwe anapempha ndi omwe anapatsidwa, ngati ndalama za osewera zinkafika nthawi yake, komanso ngati omuthandiza anawasankha yekha kapena anangomupatsa.